Thandizeni pa za ma polynomial, mwana akulemba Lolemba

Make Chisomo: Anzanga ndathedwa nzeru. Mwana wanga ali Fomu 4, Lolemba ali ndi mayeso a masamu, akungolira ndi ma polynomial. Mphunzitsi wa patitayimu ndinamulipira mwezi wathunthu koma foni sakuyankha. Bambo ake ndiye musanene, fizi ndikulimbana nayo ndekha ndi geni ya mandasi. Funsolo akuti asankhe imene si polynomial. Yankho ndi liti?

Mkulu Wakale: VUTO NDI MAFONI! Mulandeni foni mwanayo. Ife tinakhoza MSCE ndi buku la ma log, popanda kakyuleta, tikuwerengera koloboyi.

Aunt Nana: Mayi, a patitayimuwo ndi amodzimodzi. Wanga anadya ndalama ya miyezi iwiri, n'kubwerekanso njinga. Mpaka lero.

Sir wa Masamu: Mayi, tumizani chithunzi cha funsolo, zosankhazo sitikuziona. Koma muuzeni kuti ayang'ane kanambala kali pamwamba pa x. Kayenera kukhala 0, 1, 2, 3 n'kumapita, osati negative kapena fraction. Pa 3x² + 5x − 7, degree (kanambala kakakulu pa tonse tapamwamba pa x) ndi 2, ma coefficient a x² ndi x ndi 3 ndi 5, constant ndi −7. Akaona 1/x kapena √x, imeneyo si polynomial.

Mkulu Wakale: Mwaona? Aphunzitsi a lero, kungosokoneza. Polynomial imafuna ma term ambiri, BASI!

Sir wa Masamu: Ayi bambo, pepani. 4x³ payokha ndi polynomial, imatchedwa monomial. Ngakhale 7 yekha, degree yake ndi 0.

Mkulu Wakale: 7 polynomial?! Iwe unabadwa liti? Ndiye chifukwa chake ana akulephera.

Jah Man: Ine x ndinamusaka zaka zinayi osamupeza, pano ndili pa kabaza ndipo chenji sindiphonya 😂

Mtsikana wa ku Zomba: Asaiwalenso kuti 2x² ndi 5x saphatikizika, si ma like terms chifukwa tinambala tapamwamba pa x n'tosiyana. Ndipo x/2 ndi yololedwa, choletsedwa ndi x kukhala pansi ngati pa 1/x. Ambiri amagwera pamenepo.

Aunt Nana: Koma bamboyo bwanji sakulipira fizi? Pitani kwa ankhoswe.

Make Chisomo: Aunt Nana, ankhoswe ake ndi amene amamwa nawo limodzi. Ndiye yankho ndi B kapena C?

Mkulu Wakale: Ndi C. Nthawi yathu inkakhala C.