Thandizeni, zidutswa za roketi yanga zikukana kulowana

Moni nonse pagulu pano. Ndine kalipentala, shedi yanga ili pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Mwezi wathawu ndinagula kamakina kakale ka CNC ku Chipata, kaja kamadula kokha zimene wajambula pa kompyuta. Ndayamba ndi chidole cha Saturn V, roketi ija inapititsa anthu a Apollo 11 kumwezi mu 1969. Mwana wanga wamkazi ndiye anandikakamiza ataiona pafoni. Yeniyeniyo inali yotalika mamita 110, yangayi ndikufuna ikhale masentimita 55, ya magawo atatu ngati mwini wake.

Chandisowetsa tulo ndi ichi. Ndajambula mipata ya mamilimita 6 molingana ndi pulayiwudi, koma timapiko takumunsi tikungolowa theka. Dzulo ndinamenya kapiko kamodzi ndi nyundo, n'kung'aluka mwana akuona. Anangotola zidutswazo n'kuika m'thumba la diresi, osayankhula. Ndalakwitsa pati, akuluakulu?

Wa ku Mtunthama: Achimwene, yezani kaye thabwalo ndi veniya, kachipangizo koyezera kuchindikala kwa chinthu. Pulayiwudi wolembedwa 6 sakhala 6 ndendende. Dulani kachidutswa koyesera musanaononge thabwa lonse.

Mayi wa pa Boma: Bambo, ngati tikulowa theka, ine ndikukayikira makona. Kampeni ka makinawo n'kobulungira, sikangatulutse kona yeniyeni m'kati mwa mpata, kamasiya kanyama. Pojambula ikani timabowo ting'onoting'ono pa kona iliyonse yam'kati, amati dogbone. Ine ndinataya matabwa awiri ndisanadziwe zimenezi. Komanso poti n'cha ana, kumutu kwa roketiko musakusongole, mukukwechese bwino ndi sandipepa.

Kalipentala: Mayi, ndaunika ndi tochi, kanyamako kalipodi m'makona monse! Nanga zonyotsoka m'mphepetemu?

Mayi wa pa Boma: Pezani kampeni ka downcut, kamakankhira zinyenyeswa pansi, pamwamba pamatsala posalala. Musamalowetse konse kamodzi, muzidula maulendo atatu.

Wa ku Santhe: Nanga magetsi akathima ntchito ili pakati mumatani? Lembani penapake pomwe makina anayambira, apo ayi mudzataya thabwa lonse.

Kalipentala: Zikomo nonse, zoyambirazo ndilemba pakhoma ndi choko. Kampeni ka downcut ka mamilimita 3 kakupezeka ku Lilongwe, kapena ndiwolokenso pa Mwami? Mwana akutsegulira sukulu Lolemba, ndinamulonjeza kuti apita nayo.