Ndalama za mpunga ndi antchito a Limbani

Malume a ku Lifuwu: Mwadzuka bwanji nonse? Mpunga wa m'munda wa agogo tagulitsa dzulo, tapeza K2,400,000. Paja tinagwirizana kuti ndalamayi ikonze denga la nyumba ya agogo mvula isanagwe. Koma usiku mlongo wanga wandiimbira akulira za Limbani. Ndati nkhaniyi ibwere pano pa gulu lathu la banja, aliyense ayankhulepo.

Mayi a Limbani: Zikomo achimwene. Abale anga, mwana uja watha. Loweruka anabwera kuno, ndinamuphikira nsima ya chambo, anangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Usiku wonse ndimamumva akuyendayenda pakhonde. A banki amuuza kuti akapanda kupereka K1,800,000 pofika Lachisanu la sabata ya mawa adzatenga galimoto yonyamulira nsomba ija. Galimoto ikapita, bizinesi yatha. Ndikupempha mumubwereke ndalamayi.

Yamikani (Joni): Ine ndavomera. Mng'ono wanga anasiya ntchito yabwinobwino ku Lilongwe kuti ayambe chake. Ndani kwathu kuno anaganizapo zoti munthu wa ku Area 25 aziitanitsa chambo cha ku Senga Bay pa foni n'kuchilandira tsiku lomwelo chili pa ayezi? Sanamwere ndalama. Mafiriji ndi mabatire a sola anawerengera mtengo wina, kenaka kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse n'kukwera. Mafuta atasowa ankagona pa mzere nsomba zikuwolera m'galimoto. Ku chilumba cha Mbenji nako a mfumu Makanjira amatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, utaka umachepa, koma ngongole siidikira. Tisamuweruze.

Mayi aang'ono: Yami, palibe amene akumuweruza. Limbani ndinamubereka kumsana ine, akulira ndimalira naye. Koma pali zimene achemwali sananene, mwina sakuzidziwa.

Lachiwiri ndinali pa msika wa Kamuzu Road. Ndinakumana ndi mtsikana uja amatumbula nsomba kwa Limbani, wa mwana wakhanda uja. Anali ataima pa benchi ya okonza mafoni, akugulitsa foni yake. Atandiona anagwada n'kundipatsa moni bwinobwino. Ndinayang'ana manja ake, zala zonse zong'alukang'aluka ndi ayezi komanso minga ya nsomba. Ndinamufunsa kuti bwanji ukugulitsa foni. Akuti miyezi itatu sanalandire. Eni nyumba anachotsa chitseko, akugona atatchinga pakhomo ndi chiguduli, mwana ali pambali. Sanamunyoze Limbani ngakhale pang'ono. Anangoti, "Mayi, abwana amati Lachisanu, Lachisanu likafika foni yawo siilowa." Ndinamupatsa K5,000 imene ndinali nayo, ndipo manyazi anandigwira ine wopereka.

Mayi a Limbani: Ndiye ukufuna kunena kuti mwana wanga ndi wakuba?

Mayi aang'ono: Ayi achemwali. Ndikunena kuti mtsikana uja nayenso ali ndi mayi ake amene sakugona.

Yamikani (Joni): Koma galimoto ikalandidwa onsewo ntchito iwathera. Tipulumutse kaye bizinesi, malipiro abwera pambuyo.

Tadala: Pepani akuluakulu, ndiyankhuleko poti ku ntchito kwanga ndimakonza malipiro. Achimwene a Yami, mawu akuti "abwera pambuyo" ndi omwe anthuwa akhala akumva kwa miyezi itatu. Limbani anasankha yekha kutenga ngongole, ndipo bizinesi ikadayenda phindu likadakhala lake. Antchito sanasankhe kumubwereka malipiro awo, koma ndi zimene zachitika, iwo ndi amene akuyendetsa bizinesiyi ndi njala yawo.

Pali ndi lamulo. Employment Act ya 2000 imati ntchito ikatha, zonse za wantchito zilipiridwe pasanathe masiku 7. Akawachotsa chifukwa bizinesi yavuta, amene wakwanitsa chaka alandirenso ndalama ya masabata awiri pa chaka chilichonse chimene wagwira. Mmodzi yekha akapita ku ofesi ya zantchito pa boma, nkhani ikhoza kukafika ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito. Ndipo ndifunse: penshoni ija ankawadula 5 peresenti, iye n'kumayenera kuwonjezera 10, inkapita kumene imayenera kupita?

Malume a ku Lifuwu: Limbani, ndikuona kuti ukuwerenga. Yankha wekha mphwanga, tisakuyankhulire ngati suli pano.

Limbani: Malume, amayi, nonse, pepani. Zimene anena mayi aang'ono n'zoona. Antchito ndi asanu, aliyense K130,000 pa mwezi, miyezi itatu. Zonse ndi K1,950,000. Za penshoni, Tadala, ndinkadula K6,500 kwa aliyense koma kuyambira Januwale sindinatumize. Ndinagulira mafuta. Ndinkadziuza kuti oda yaikulu ikabwera ndibweza zonse nthawi imodzi.

Foni ndinkathimitsa chifukwa ndinalibe chowauza. Dalaivala wanga ndi bambo wamkulu, msinkhu wa malume. Tsiku lina anandidikira pa geti kuyambira m'mawa, ine ndinatulukira kuseri. Za chitseko sindimadziwa. Mtsikana ameneyo ndi amene anabwera usiku firiji itafa, tinasamutsa nsomba awiriwiri mpaka kucha.

Mayi a Limbani: Mwana wanga, bwanji sunandiuze zonsezi?

Limbani: Ndinkaopa amayi. Aliyense ankandiyamikira kuti ndalemba anthu ntchito.

Yamikani (Joni): Za penshonizo sindimadziwa. Kuno ndinagwirapo ntchito kwa munthu wina miyezi iwiri osalipidwa, ndinkadya buledi ndi madzi. Mpaka lero ndikamuona mtima umawawa, osati chifukwa cha ndalama, koma chifukwa ankandizemba. Limba, pamenepo walakwa mng'ono wanga. Komabe galimoto ija ndikuidandaula.

Tadala: Banki imakambirana, achimwene. Munthu akapita yekha ndi kalata, atanyamula kangachepe m'manja, n'kupempha kuti amutalikitsire nthawi yobwezera, nthawi zina amamva. Sindikulonjeza kuti avomera. Kalatayo ndimulembera ine usiku uno. Koma mwana wogona m'nyumba yopanda chitseko nyengo ya udzudzu ino sangadikire kalata.

Mayi aang'ono: Ndipo tikumbuke kuti anthuwa ndi a konkuno. Dalaivala uja timapemphera naye, mkazi wake tili naye mu Chigwirizano. Tikapulumutsa galimoto iwo ali ndi njala, tidzayang'anana bwanji pa maliro?

Mayi a Limbani: Ine mtima wanga uli pa mwana wanga, musandiletse. Ngati galimoto ipita, zaka zitatu zonse zapita m'madzi. Koma sindingadye mpunga wa amayi anga podziwa kuti mwana wa mnzanga akugona panja chifukwa cha ife. Chitani zimene mwaona, achimwene.

Malume a ku Lifuwu: Ndamva nonse. Agogo ndawafotokozera, ati denga lidikire, chaka chino tiyala pulasitiki kuchipinda kwawo ndi kusintha malata atatu odontha kwambiri aja. Tichite motere. K1,950,000 ipite kwa antchito, aliyense alandire pa Airtel Money kapena Mpamba yake, isadutse m'manja mwa Limbani. Si mphatso mphwanga, ndi ngongole ya banja, tilemberana. K450,000 yotsalayo ndi ya malata ndi mmisiri.

Koma ndalama yokha siikwanira. Loweruka uwaitane onse asanu ku Senga Bay, ine ndidzakhalapo. Udzawauze ndi pakamwa pako mmene zinthu zilili, za banki, za penshoni, zonse. Amene akufuna kuchoka achoke ndi zake zonse ndi kalata yabwino. Dalaivala uja udzamupepese payekha.

Limbani: Ndamva malume. Ndiwaimbira lero lomwe. Mtsikana uja foni wagulitsa, ndipita ndekha kunyumba kwake madzulo ano, ndikalankhulenso ndi eni nyumba abwezere chitseko.

Yamikani (Joni): Ine nditumiza R3,000 pa Mukuru mwezi ukatha, upite nayo ku banki limodzi ndi kalata ya Tadala. Ukakhala ndi mantha undiimbire, usathimitsenso foni.

Tadala: Limbani, nditumizire mapepala a ngongole ndi mndandanda wa malipiro kuyambira Januwale, ndiwerengere za penshoni. Zimenezo ubweza wekha, ngakhale pogulitsa firiji imodzi.

Mayi aang'ono: Madzulo undidzere, tipitire limodzi. Ndatenga neti imodzi ndi ufa pang'ono. Malume, Loweruka mubwera pa kabaza kapena tikutumizireni njinga yamoto?

Malume a ku Lifuwu: Yamoto, ifike 7 koloko. Mlongo wanga, mwanayo umuphikire adye asanapite.