Ana a makumba afupika mu fuliza, manambala sakugwirizana

Wa_Madamu_Lunzu: Akuluakulu thandizeni msanga. Ana a makumba tinawayeza TL (utali wonse, kuyambira kukamwa mpaka kunsonga kwa mchira) pa bolodi titangowakola, kenako onse m'jumbo imodzi, mu fuliza pa -20°C. Lero tasungunula, a 40 mm akubwera 39, ena 38. Pa sikelo napo zasintha. K (nambala yoonetsa kunenepa kwa nsomba poyerekeza kulemera ndi utali) yasokonekera, lipoti likufunika Lachisanu. Pali correction factor (nambala yobwezera muyeso pomwe unali nsomba isanafupike) yomwe mumagwiritsa ntchito?

Mayi_Labu: Achimwene, musabwereke factor ya nsomba ina. Kafupikidwe kamasiyana malinga ndi mtundu, kukula kwa nsomba ndi nthawi yomwe yakhala mu fuliza, ndipo tating'ono ndi timene timafupika kwambiri. Minofu imakokana nsomba ikangofa, madzi oundana amang'amba minofuyo, ndiye posungunula madzi amatuluka. K yanuyo isakudabwitseni: utali umalowa katatu mu K = 100W/L³ (W ndi kulemera, L ndi utali), choncho 1 mm yotayika pa nsomba ya 40 mm ikukweza K ndi pafupifupi 8% ngati kulemera sikunasinthe.

Madala_Formalin: Mukanaika mu 10% formalin, mankhwala osungiramo nsomba kuti zisawole, bwenzi nkhaniyi kulibe.

Mayi_Labu: Madala, formalin nayonso imafupikitsa, ndipo masiku oyambirira nsomba imalemerako. Ngati siili buffered (yothiridwa mankhwala ochepetsa asidi) imadyanso ma otolith, timiyala ta m'khutu mwa nsomba.

Wa_Hatchery: Mwayang'ana michira? Chipsepse chouma chimathyoka nsomba zikakhulana m'jumbo, TL n'kumaoneka yaifupi. Yezani SL (utali wosawerengera chipsepse cha kumchira) ndi caliper, chida choyezera utali. Kungoti ngati tsiku loyamba simunalembe SL, palibe choyerekeza nacho.

Wa_Madamu_Lunzu: Sitinalembe. Ma tag nawo tinalibe.

Mayi_Labu: Ndiye kolani ena 30, aang'ono ndi aakulu omwe. Aliyense TL, SL ndi kulemera pa sikelo ya 0.01 g, kajumbo kake, nambala yake yolemba ndi pensulo. Akhale mu fuliza yomweyo masiku ofanana ndi oyamba aja. Sungunulani pang'onopang'ono mu firiji pa 4°C, osati m'madzi ofunda kapena padzuwa, pukutani ndi tishu mofanana, muyezenso, mupange regression (masamu oonetsa ubale wa miyeso yoyamba ndi yachiwiri) kuti mupeze factor yanuyanu. Woyeza akhale munthu yemweyo, poti wina amakoka nsomba yofewa pa bolodi, wina ayi. Lachisanu simungathe, auzeni abwana.

Madala_Formalin: Ntchito yonseyo chifukwa chothawa formalin.

Wa_Hatchery: Ndipo magetsi akazima fuliza n'kusungunuka n'kuundananso, regression yomweyo ndi yabodza. Ulendo wina muziundanitsa nsomba zili m'madzi pang'ono, mpweya mutulutse m'jumbo, apo ayi zimauma.

Madala_Formalin: Formalin safuna magetsi.

Wa_Hatchery: Safuna magetsi inde, koma amafuna magolovesi ndi mawindo otsegula.