Gulu la Mbumba ya Anganga: zogula za chinkhoswe cha pa 20 Disembala

Amalume (Luchenza): Mwaswera bwanji nonse. Akuchimuna atsimikiza, chinkhoswe ndi Loweruka pa 20 Disembala, pakhomo pa anganga ku Chisitu. Tatsala ndi masabata anayi. Zomwe zasonkhedwa zafika K640,000, ena simunaponyebe koma sinditchula maina. Lero tigwirizane chinthu chimodzi: zinthu tigula liti, ndipo tigula kuti?

Mayi aang'ono (Chitakale): Taswera achimwene. Ine ndinene msanga ndisanapite kotseka okala. Shuga, mafuta, mpunga ndi mchere tigule sabata ino. Ndalama ikagona mu foni mpaka Disembala idzagula theka. Ndikapita kukaoda ku Limbe, mtengo wa Lolemba sukhala wa Lachisanu.

Achimwene a ku Joni: Moni amalume, moni amayi. Bwanji tichite ngati nthawi ya ukwati wa achemwali mu 2019? Galimoto imodzi, kulowa sitolo imodzi yaikulu ku Blantyre, zonse kutha tsiku limodzi. Ine ndiwonjezera pa Mukuru.

Achemwali (Ndirande): Achimwene, 2019 ija ndi dziko lina. Ine ndimaima pa thilu tsiku lililonse, ndikuuzeni zomwe ndimaona ndi maso anga. Kale kumapeto kwa mwezi matrole ankasowa, anthu kumadikirirana pakhomo. Lero matrole angoti ndaa pamzere, aliyense wanyamula kabasiketi. Munthu wovala bwino, wa ntchito yake, afika pa thilu ndi zinthu zisanu ndi chimodzi, akamva mtengo abweza ziwiri. Pofika madzulo pambali panga pamakhala mulu wa zobwezedwa, ndipo zimakhala zomwezomwezo: majarini, juwisi, mabisiketi, mafuta odzola. Shuga ndi sopo sabweza.

Achimwene a ku Joni: Ndiye kuti anthu alibiretu ndalama?

Achemwali (Ndirande): Ena alibe, zoona. Koma ambiri amene ndimawaonawo malipiro alandira. Chimene chawagwira ndi mantha. Sakudziwa ngati ntchito ikhalapo Januwale, fizi ikwera bwanji, mafuta a galimoto apezeka kapena ayi. Ndiye amagula cha m'mimba chokha, yotsalayo n'kuimanga pansalu. Tsono sitolo yaikulu sipindula kwenikweni ndi shuga, pa shuga phindu ndi lochepa. Imadya pa zinthu zija munthu amatola asanakonzekere, mapoto, zidole za ana, ketulo ya magetsi. Zimenezo zikuchita fumbi pa shelefu. Mwezi uno atichotsera masiku, ena a kontrakiti sanawaitanenso.

Make mapasa (Bvumbwe): Zimenezo zatifika ngakhale kuno kudimba. Amene amatenga kabichi ndi letesi wathu kukapereka m'masitolo a m'tauni ankabwera kawiri pa sabata, pano kamodzi, nthawi zina kungoimba kuti dikirani kaye. Letesi sadikira munthu. Tayamba kubzala mpiru ndi chayinizi wambiri, zoti tikhoza kugulitsa tokha pamsika wa Bvumbwe pompano.

Amalume (Luchenza): Mwana wanga wa ku Ndirande, pepa ndi za masikuwo, sindimadziwa. Inu a ku Joni, kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pa ziwirizo namondwe wa Freddy anatikokolera minda mu Malichi 2023. Munthu amene waona zitatu zimenezi motsatizana satulutsa ndalama mwachisawawa. Ife tinakula tikudziwa kuti sitolo ya PTC singathe, inali pafupifupi pa boma lililonse, koma mu 2022 inatsekedwa tikuona. Mu 2025 Shoprite nayo inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake a kuno ku Malawi.

Mphwanga wa ku yunivesite ya MUBAS: Amalume ndiwonjezereko pang'ono. Masitolo aakuluwo katundu wawo wambiri amachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo amalipira ndi ndalama zakunja zomwe m'mabanki zikusowa. Ndiye apanikizika mbali ziwiri: katundu kubwera movuta, wobwerayo ogula kumuzemba. Akachepetsa maoda, fakitale nayo imachepetsa antchito, antchitowo n'kusiya kugula. Mantha a wina amabala mantha a mnzake.

Mayi aang'ono (Chitakale): Za kusukuluzo ndi zoona, koma bwera udzakhale pa okala tsiku limodzi uone. Botolo la malita awiri la mafuta limatha mwezi lili pa shelefu. Ndikalitsegula n'kuthira m'timapepala, limatha tsiku lomwelo. Shuga chimodzimodzi, wa pa supuni. Sopo ndimadula pakati. Amayi othyola tiyi akalandira amabwera kudzabweza ngongole, n'kutenganso ina pomwepo. Anthu amene ankapita ku Blantyre kukagula za mwezi wonse, aphunzitsi, anamwino, pano ndi makasitomala anga a tsiku ndi tsiku. Musaganize kuti ndikulemera nazo ayi, phindu lake ndi la mchere, koma ndiko kumene ogula apita.

Achimwene a ku Joni: Ndamva. Kunonso anthu amathamangira za pa sale basi. Koma mlongo wathu asadzaoneke wonyozeka pamaso pa akuchimuna. Keke, zakumwa za m'mabotolo, nsalu ya yunifolomu ya banja lonse, zimenezi zikhalepo. Zikavuta tikongole ku banki m'khonde, perekaniperekani adzabweza.

Azakhali (Thyolo boma): Apo pokha ndikana, mwana wa achimwene anga. Miyezi itatu yapitayi ndapita ku zinkhoswe zinayi. Anthu akuvina ndithu, koma akuponya ma K50 ndi ma K100 osinthitsa, kuzungulira kambirimbiri kuti zioneke zambiri. Powerenga madzulo, eni ake nkhope zimagwa. Banja lina kuno likubwezabe ngongole ya chinkhoswe pomwe ukwati weniweniwo sunachitike. Disembala aliyense maganizo ali pa feteleza wobereketsa ndi fizi ya Januwale. Amene akubweza majarini pa thilu ndi omwewo tikuwaitana kuti adzafupe. Tisawerengere ndalama ili m'thumba mwa mlendo.

Make mapasa (Bvumbwe): Azakhali anena zoona.

Achemwali (Ndirande): Komabe sitolo yaikulu tisaitaye yonse. Chifukwa choti anthu sakugula, pakumakhala zotsitsa mtengo zenizeni, makamaka zakumwa, mapepala opukutira ndi mbale zotaya. Kungoti muziona tsiku lothera ntchito, zina amatsitsa chifukwa zatsala masabata awiri. Ine ndiziyang'ana, ndikaona zabwino ndijambula n'kuponya pano. Musatume munthu wongolowa ndi ndalama m'manja wopanda mndandanda.

Mwini chinkhoswe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zikomo nonse, mukundichitira zazikulu. Achimwene, keke ya nsanjika ine sindikuifuna, yaing'ono yodula ife awiri yakwana. Yunifolomu ikhale ya ankhoswe ndi operekeza okha, ena avale chitenje chomwe ali nacho. Chimene ndikupempha n'choti anthu adzadye akhute, ndipo anganga aphike thobwa lawo lija.

Amalume (Luchenza): Wayankhula ngati munthu wamkulu, mphwanga. Anganga ndawaimbira, akuti chimera anyika kale, ndipo kalongonda aliko wokwanira akuchimuna alaweko za kwathu.

Achimwene a ku Joni: Chabwino, ndagonja pa keke. Koma zakumwa za m'mabotolo zikhalepo ngakhale makireti asanu a alendo olemekezeka. Amenewo ndilipira ndekha, kunja kwa chopereka changa.

Mayi aang'ono (Chitakale): Zikatero zili bwino. Mpunga ndikaona ku Limbuli tsiku la msika, kumakhala wotsikirako kusiyana ndi wa m'mapaketi, ndipo ndimatha kuulawa ndi kuununkhiza ndisanalipire. Mafuta chigubu cha malita 20 ndi belo la shuga ndikaoda ku Limbe limodzi ndi katundu wa okala, thiransipoti ikhala imodzi. Shuga ndiye ndisachedwe naye, mukukumbuka 2024 tinkaima pamzere kulandira paketi imodzi kapena awiri munthu mmodzi, pomwe nzimbe zili pa Nchalo pomwepa.

Make mapasa (Bvumbwe): Kabichi, tomato, anyezi ndi karoti musagule, ndi chopereka changa. Ndidzabwera nazo pa 19 m'mawa. Wina andithandize ya minibasi yokha.

Azakhali (Thyolo boma): Nkhuku zachikuda ndili nazo zisanu ndi ziwiri, kuphatikizapo thadzi la ankhoswe. Mbuzi tigule kumudzi konko sabata ino isanafike mitengo ya Khirisimasi, izidya msipu kwa anganga. Lichero, mtondo, munsi ndi mphasa ndikagula kwa opanga okha.

Mphwanga wa ku MUBAS: Ine ndilemba zonse, chagulidwa chiyani, ndalama zingati, yatsala ingati. Malisiti muzijambula.

Amalume (Luchenza): Tatseka motere. Ngongole palibe. Pa K640,000 ija, K100,000 ikhala kwa ine osaikhudza, ya tenti ngati mvula ya kuphiri itavuta ndi zina zadzidzidzi. Yotsalayo ndikutumiza kwa achemwali anga a ku Chitakale pa Airtel Money usiku uno. Amene simunaponye, ponyani chomwe muli nacho pofika pa 30, ngakhale nkhuni kapena ndowa ya chimanga tilandira, ndipo palibe adzafunsidwe chifukwa chake.

Mayi aang'ono (Chitakale): Muwonjezere yochotsera achimwene, asandidule pa ya mpunga. Ndinyamuka Lachitatu ndi minibasi yoyamba.

Achemwali (Ndirande): Lachitatu ndili pa ofu. Mukafika pa depoti ya Limbe mundiimbire amayi, chigubu cha mafuta simungachinyamule nokha.