Zithunzi za afulagombe ku Mfuwe zatuluka zachimbuuzi, ophunzira akudandaula

A Tembo: Anzanga a ntchito, ndithandizeni msanga. Sabata yatha ndinapita ndi ophunzira asanu ku paki ya South Luangwa kukajambula afulagombe ofiira aja, a carmine, amene m'Seputembala ndi m'Okutobala amakumba zisa m'magombe a Luangwa. Tinali ndi lensi yaitali ya 600mm, makamera titawatchera pa shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) yachangu ya 1/2500, f/8, ISO ya auto, koma titabwerera ku Chipata n'kuika zithunzi pa kompyuta, pafupifupi zonse zinali zachimbuuzi, ngakhale za mbalame zongotera pa nthambi. Ophunzira awiri akufuna ndalama zawo, ndipo Loweruka ndili ndi gulu lina.

A Mwale: Simunatchule tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndipo vuto lili pomwepo. Lensi ya 600mm sigwiridwa pamanja ndi munthu amene wangoyamba dzulo.

Amayi Zulu: A Tembo, munajambula nthawi yanji, ndipo munali patali bwanji? Ngati munaima tsidya lino cha m'ma 10 koloko, mbalame zili tsidya lina, ndiye kuti pakati panu panali mchenga wotentha. M'Okutobala kutentha kuchigwa kumapitirira madigiri 40, mpweya wochoka pamchengapo umavinavina, ndipo lensi yaitali imakulitsa kuvinako pamodzi ndi mbalameyo. Shutter yachangu sichiza zimenezo. Muzifika dzuwa likungotuluka, ndipo lensi isadutse pamwamba pa boneti, chifukwa injini yotentha imachita chimodzimodzi.

A Tembo: Tinachedwa pachipata cha paki, tinafika 9 koloko itadutsa kale.

A Mwale: Kaya ndi 6 koloko kaya 9 koloko, popanda tripod ndi chimodzimodzi.

A Daka: Achikulire a Mwale, tripod m'galimoto yodzaza anthu asanu mungaiimike pati? Ife timaika kathumba ka nyemba kotsamiritsapo lensi pachitseko, injini itazimitsidwa, ndipo aliyense akhale chete pampando wake. Koma a Tembo, musayese kuchiza vutoli poyandikira kwambiri. Gombe lija ndi lobooka lonse ndi mauna, moti munthu akaponda pamwamba likhoza kugumuka ndi mazira omwe, ndipo pansi pake ng'ona sizisowa. Chaka china mlendo wanga anatsika kuti apeze ngodya yapansi ine ndikuthandiza mnzake kusintha batire. Titacheuka tinaona mvuu ikubwerera kumadzi kudzera njira imene iye anagonamo chafufumimba. Tsikulo phunziro linathera pomwepo. Popanda scout, mlonda wa mfuti wa DNPW, nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, wophunzira asatsike m'galimoto pamalo oterowo, ngakhale achonderere motani.

Amayi Zulu: Ndiwonjezere za fumbi. Musalole ophunzira kusintha malensi galimoto ikuyenda, pakuti fumbi la chilimwe likalowa pa sensor, kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera, madontho ake amaoneka pa chithunzi chilichonse cha thambo. Musalonjezenso zithunzi za mbalame zouluka kwa munthu wa tsiku loyamba. Ine ndimayamba ndi nkhwazi yotera pamtengo, yomwe imakhala phee mpaka wophunzira apeze diso lake.

A Mwale: Ndajambula zaka zambiri kuposa nonsenu, ndipo ndibwerezanso kuti chithunzi chakuthwa chimachokera pa miyendo itatu.

A Daka: Kunena za nkhwazi kwandikumbutsa: kodi alipo amene wafika ku Nsefu, chigawo china cha paki yomweyi, mwezi uno? Ndili ndi alendo awiri ofuna mbalame za crowned crane pa akasupe amchere a kumeneko, ndipo ndifuna kudziwa ngati msewu udakali wouma mvula yoyamba isanagwe.