Pempho la uphungu pa maphunziro a utsogoleri kuno ku America

Amayi anzanga okhala kuno ku America, ndikupempha nzeru zanu. Ndagwira ntchito zaka 7 m'bungwe lina lothandiza anthu othawa kwawo mumzinda wa Indianapolis, koma maudindo akuluakulu akapezeka, osankhidwa amakhala anzathu achizungu omwe ine ndemwe ndinawaphunzitsa kulemba makalata opempha ndalama kwa opereka thandizo. Kumisonkhano ya bodi amangondiitanira kukalemba zokambirana.

Lipoti la Race to Lead lonena za amayi, lomwe bungwe la Building Movement Project linatulutsa mu 2019, linasonyeza kuti amayi omwe si azungu amadumphidwa kawirikawiri pokweza anthu pantchito ngakhale ali ndi maphunziro okwanira, choncho vutoli si langa ndekha.

Ndamva za maphunziro a Rockwood Leadership Institute ku Oakland, California. Kodi alipo pakati panu amene anachitako, ndipo anakuthandizani kufika pampando wa mkulu wa bungwe? Nanga munawalankhula bwanji abwana anu kuti avomere kulipira, pamene iwo amangodandaula kuti thumba ndi lopyapyala? Ndikufunanso mayi wotsogolera bungwe amene angamandipatse uphungu kamodzi pamwezi, ngakhale pa Zoom.