Osewera akungondithera kundende, nditani?

Wa zisudzo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuphunzitsa sewero kundende ina kuti anyamata amene alembe MSCE amvetse bukhu la Chichewa polisewera. Koma anthu akungondithera. Amene ndinamupatsa gawo la mfumu watuluka pa belo, wa gawo la mkamwini amusamutsira kundende ina. Sabata iliyonse ndikuyambiranso.

Wa nyimbo: Achemwali, mwatenga a pa rimandi eti? Amenewo tsiku lawo silidziwika, khoti likangoitana ndiye apita. Magawo akuluakulu apatseni amene anagamulidwa kale, makamaka a zaka zambiri. A pa rimandi musawataye, alowetseni m'gulu lovomera nyimbo. Wina akachoka pamenepo, sewero silimva.

Msilikali wa ndende wopuma: Mayi, musanagawe magawo khalani pansi ndi anyapala, akaidi amene amayang'anira anzawo m'maselo. Iwo amadziwa amene watsala pang'ono kutuluka, amene apilo yake ili pafupi, ndiponso amene sagwirizana muselo. Kenako lembani mayina, mukapereke kwa bwana woyang'anira ndendeyo, mupemphe kuti ngati n'kotheka asawasamutse mpaka mayeso atatha. Pempho la pakamwa limaiwalika. Za nthawinso, muzibwera m'mawa. Maselo amatsekedwa dzuwa likadali pamwamba, ndipo munthu amene akudikira nsima ya kamodzi patsiku sangakulowezereni mawu a mfumu.

Wa nyimbo: Bambo anena zoona. Ndipo msilikali mmodzi mumulowetsemo ndithu. Kundende ya Zomba, m'nyimbo zimene Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, anajambula mu 2013, zomwe zinakapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, munali akaidi ndi asilikali oyimba limodzi. Msilikali akakhala ndi gawo, chipata chimatseguka msanga.

Mphunzitsi wa Chichewa: Ine langa ndi la mapepala. Mukawagawira sewero lolembedwa, mawa mupeza theka lapichiridwa fodya. Lembani pabolodi, aloweze pomwepo, gawo lililonse anthu awiri. Komanso tisanamizane, a MANEB sadzaonera sewero, adzachonga zolemba. Chigawo chikatha, aliyense alembe ndime imodzi kufotokoza chifukwa chimene mfumu yagamulira choncho. Amene sadziwa kulemba anene pakamwa, mnzake alembe.

Wa zisudzo: Zikomo kwambiri nonse, mayina ndikapereka Lolemba. Nanga gitala angandilole kulowa nayo?

Msilikali wa ndende wopuma: Nsambo zake ndi waya, ndiye pachipata azidzaziwerenga polowa ndi potuluka, mwinanso akukanizani. Yambani ndi ng'oma ndi visekese, za gitala mudzapemphe akakuzolowerani.